Kodi Tiwathirire Mankhwala Mobisa?

Pali funso limene limasautsa mabanja ambiri. Ngati bambo a m'nyumba alowerera ndi mowa, kodi nkulakwa kuwathirira mankhwala oletsa mowa m'ndiwo iwo osadziwa?

Tisafulumire kumuweruza mayi woganiza zotere. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa chimene akuopa. Mowa wa zaka zambiri umawononga kapamba, chiwalo chopanga insulin ndi timadzi togaya chakudya. Timadzi timeneti timayamba kudya kapamba yemweyo. Munthu amamva ululu pamwamba pa mimba mpaka kumsana, amachita chimbudzi chamafuta, amaonda, mapeto ake matenda a shuga. Pamene pachita chipsera sipabwereranso mwakale.

Mankhwalawo alipodi. Dzina lake ndi disulfiram, ena amati Antabuse, ndipo akatswiri a ku Denmark ndiwo anatulukira ntchito yake m'zaka za m'ma 1940. Chiwindi chimasandutsa mowa kukhala poizoni wotchedwa acetaldehyde, kenaka enzyme ina nkuchotsa poizoniyo. Disulfiram amatsekereza enzyme imeneyi. Choncho munthu akalawa mowa nkhope imatentha, amasanza, mtima nkumathamanga. Mphamvu yake ingathe kukhala m'thupi mpaka masiku 14.

Koma taonani, mankhwalawa sachotsa chibaba cha mowa, ndipo sachiza kapamba. Amathandiza munthu amene akudziwa kuti wawamwa, chifukwa amaopa kukhudza botolo. Wosadziwa apita ku kachasu monga mwa masiku onse, ndipo ngati ali ndi matenda a mtima akhoza kufa. Ngakhale apulumuke, akazindikira kuti m'ndiwo munali kanthu sadzadyanso mwamtendere pakhomopo, ndipo akuchimuna adzati munali kondaine.

Wina anganene kuti chidakwa chilibenso mphamvu yosankha, tsono tiyenera kuchisankhira. Nzoona, mowa umafooketsa maganizo a munthu. Komabe kamphamvu kotsalako ndi komwe angachilire nako, ndipo chinyengo chimakapha. Mwamuna wako ndi munthu, si mbuzi yomwetsedwa mankhwala mokakamiza.

Tsono tiyeni tilankhule nawo m'mawa asanalawe, tiitane ankhoswe, tiwaperekeze kuchipatala, pakuti kusiya mowa mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera ndi kukomoka. Dokotala akawayeza mtima ndi chiwindi, iwo nkuvomera, mayi awapatse piritsilo m'manja, maso akuona.