Mbewa ya manyazi inafera kuuna

Anyamata akapita kosaka mbewa m'chilimwe, amakoleza moto pakhomo pa una n'kumakupizira utsi mkati. Mbewa yolimba mtima imatulukira khomo lina, ndipo nthawi zina imapulumuka. Imene imazengereza poopa kuonekera poyera, utsi umaitsamwitsa momwemo. Akuluakulu ataona zimenezi anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, kutanthauza kuti wobisa vuto chifukwa cha manyazi amapweteka nalo, chikhalirecho thandizo lili pafupi.

Mwambiwu umandikumbutsa mayi wa uchembere woyamba amene wangotuluka m'chikuta. Anthu amayesa kuti kuyamwitsa kumangochitika kokha, ndiye mawere akatupa, nsonga zake zikachita zilonda, mwana akamalira usiku wonse, mayiyo amangoti chete. Ayambira pati kunena kuti zamukanika, pamene agogo ake anayamwitsa ana ambirimbiri osadandaula? Apongozi akati, "Mkaka wanu sukukwana, mwanayu mumpatseko madzi ndi kaphala," amangovomera. Apongoziwo amanena mwachikondi, koma malangizowo ndi olakwika. Mkaka umapangika molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akakhuta phala amayamwa pang'ono, bere nalo limachepetsa mkaka, ndipo zimene mayi ankaopa zija zimachitikadi. Madzi osatetezedwa nawo amabweretsa kutsegula m'mimba. N'chifukwa chake mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe atabadwa, ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, kenako apitirize kuyamwa limodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kuposerapo.

Khomo lotulukira lilipo, ndipo ndi gulu la amayi oyamwitsa anzake. Maganizo oti amayi azithandizana okha pa nkhaniyi si achilendo. Mu 1956 amayi 7 a ku Illinois, m'dziko la America, anayambitsa bungwe la La Leche League ataona kuti anzawo ambiri akulephera kuyamwitsa chifukwa chosowa wowalangiza. Ndipo pamene WHO ndi UNICEF anakhazikitsa ndondomeko ya zipatala zosamala makanda mu 1991, mfundo yachikhumi inali yoti mayi akamatuluka m'chipatala alozeredwe ku gulu loti likamuthandize kwawo. Kuno ku Malawi midzi yambiri ili ndi magulu a care group, momwe amayi odzipereka amaphunzitsidwa za kadyedwe koyenera n'kumayendera makomo a anzawo. Kuwapeza sikovuta. Funsani mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo, funsani anamwino musanatuluke m'chipatala, kapena amayi a kumpingo kwanu. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi amayi oyamwitsa amakumana kuti kuno?"

Zimene zimachitika kumeneko n'zimene zimandichititsa kulikonda gulu lotere. Mumakhala pamphasa, mwana pamiyendo, ndipo ntchembere ina imangoyang'ana mmene akuyamwira n'kunena kuti, "Amake mwana, tamusendezani pafupi, mimba yake ikhudze yanu. Dikirani ayasamule kaye." Mwana akatsegula kukamwa kwambiri, n'kugwira gawo lalikulu la mbali yakuda ya bere, chibwano chake chitakhudza berelo, ululu umene mayi wapirira kwa masabata umayamba kuchepa. Zoterezi sizimveka bwino pa wailesi, zimafuna maso ndi manja a munthu amene anadutsamo. Kumeneko mumamvanso kuti mkaka woyamba wachikasu uja si wotaya, chifukwa ndi umene umateteza mwana ku matenda. Mumaphunzira kufinyira mkaka m'kapu yoyera ngati mukubwerera kuntchito. Koma chachikulu, mumamva mayi wina akufotokoza vuto lomwe lija mumayesa kuti ndi lanu lokha.

Mbewa ija tisaiweruze msanga, popeza panja pa una pamakhaladi zibonga. Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amaopa kuti akayankhula pagulu, mawa nkhani yake imveka pamjigo. Kuyambira 2011 dziko la Malawi limapereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, ndipo akamamwa mokhulupirika mwayi wopatsira mwana umachepa kwambiri. Komabe mayiyu angafunse za izi pokhapokha ngati gululo likusunga chinsinsi. Otsogolera gulu azinena lamuloli poyera pa msonkhano uliwonse, ndipo wolephera kuugwira pakamwa adzudzulidwe.

Gulu silichotsa udindo wa chipatala. Bere likafiira, kutentha ndi kuuma, mayi n'kumamva kuphwanya m'thupi, kapena mwana akasiya kuyamwa ndi kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira msonkhano. Ndipo tsiku la msonkhanolo, ngati n'kotheka, pemphani apongozi kuti akuperekezeni, akadzimvere okha chifukwa chake kaphala kaja kayenera kudikira mpaka miyezi 6 itakwana.