Za Kuima Panjinga Osaponda Pansi

Mwezi wathawu anadza kunyumba kwanga bambo wina wa kufupi ndi dooko la Kachulu, amene nchito yake ndiyo kupikula matemba ndi milamba youma kwa asodzi ndi kukagulitsa kumsika wa ku Zomba. Anafika akukankha njinga yao, gudumu la kumbuyo litapindika ngati lichero lakale, ndipo pambuyo pao panali mwana wao wamwamuna, wa m'kalasi langa, atazyolika. Titapatsana moni ndi kukhala pansi, anati, "Aphunzitsi, taonani chimene wachita mwana wanuyu. Kodi ndinu muwaphunzitsa kudumpha miyala ndi njinga?" Mnyamatayo sanakane. Anati anaona pafoni ya mnzake mzungu wina akukwera makoma ndi mipanda panjinga, ndipo mtima wake sunagone kufikira atayesa iyenso pamiyala ya kuseri kwa sukulu.

Mlanduwo sunavuta kuweruza, pakuti njinga ija ndiyo khasu la banja lonse, ndipo mwana wothyola khasu la atate wake alibe pobisala. Koma potsazika bamboyo ananena mau amene anandisiyira nchito. Anati, "Nanga munthu wamkulu wandevu zake, kumaima panjinga osapita kulikonse, osanyamula kanthu, kumeneko nkudwala mutu kapena ndi ulesi?" Ndinaseka pamodzi nao, koma usiku sindinaseka, chifukwa ndinaona kuti funsolo ndi lalikulu koposa njinga.

Poyamba ndifotokoze masewerawo, pakuti ambiri a inu simunawaone. Azungu awatcha trials, ndiko kunena mayeso. Anakula ku Catalonia, m'dziko la Spain, m'zaka za m'ma 1970, pamene Pere Pi, wa nchito pa kampani ya njinga zamoto ya Montesa, anapangira mwana wake Ot Pi kanjinga kopalasa kuti aphunzirepo zimene akulu achita ndi zamoto. Ndipo mwanayo anakula nakhala katswiri wa dziko lonse. Pampikisano wake safunsa kuti wafika msanga ndani. Amuikira munthu miyala, zipika ndi makoma, namuuza kuti adutse pamenepo osaponda pansi. M'mawerengedwe ake akale, phazi likakhudza nthaka kamodzi amlembera cholakwa chimodzi, ndipo zikafika 5 walephera chigawo chimenecho. Njinga zambiri za masewerawa zilibe ndi chishalo chomwe, pakuti mwini wake sakhala pansi. Amene mnyamata wathu anamuona ndinamzindikira nditaonetsedwa chithunzicho: ndi Danny MacAskill wa pachilumba cha Skye ku Scotland, dziko lomwe lija kunachokera amene anamanga Domasi ndi Blantyre. Iye anali wokonza njinga mumzinda wa Edinburgh, ndipo kanema wake wa mphindi zowerengeka, wotuluka mu April chaka cha 2009, anamtchukitsa padziko lonse.

Tsono chimene mwana sanachione pafonipo ndi ichi, kuti chiyambi cha luso lonselo si kudumpha ai, koma kuima. Wophunzira ayamba ndi kuimitsa njinga pamalo amodzi, mapazi onse awiri ali pazopalasira, gudumu la kutsogolo atalipotoza pang'ono, nakhala chomwecho masiku ndi miyezi kufikira thupi lake litadziwa. Yense wopalasa adziwa kuti njinga yothamanga siivuta; ikapendekera kumanzere, gudumu la kutsogolo likhotera komweko, ndipo iwongoka yokha pansi pa mwini wake. Koma liwiro likatha, palibe chomthandiza munthu koma iye mwini. Apo ndipo pamaoneka ngati maso ake ali okhazikika, ngati mapewa ake ali omasuka, ngati mpweya wake uyenda bwino kapena waugwira ndi mantha.

Chifukwa chake ena a okwera njinga za m'mapiri anapita kukaphunzira chinthu cha Amwenye chotchedwa yoga. Mmodzi wa iwo ndi Ryan Leech wa ku Canada, amene anatchuka ndi masewera a trials, pambuyo pake nakhala mphunzitsi wa yoga, naphunzitsa anzake okwera njinga. Dzina limeneli lichokera ku Sanskrit, chinenero chakale cha ku India, ndipo tsinde lake ndi la kumanga m'goli, monga timangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke ngolo imodzi. Ochita yoga aima kapena kukhala m'maimidwe osiyanasiyana, ena ovuta, ena apafupi monga kuima ndi mwendo umodzi, napuma mpweya pang'onopang'ono, nayang'ana malo amodzi, kuti thupi ndi maganizo zileke kukokerana kwina ndi kwina. Lero chafalikira kotero kuti mu 2014 bungwe la United Nations linaika 21 June kukhala tsiku lochikumbukira.

Pano ndiyenera kunena zoona, pakuti ndidziwa kuti ena a mumpingo adzafunsa. Yoga inabadwira m'kati mwa chipembedzo cha Ahindu. Patanjali, amene anasonkhanitsa ziphunzitso zake kalekale, anaigawa m'zigawo 8, ndipo maimidwe a thupi ndi chigawo chimodzi chokha. Zina zikhudza kusinkhasinkha ndi chikhulupiriro chao. Wonena kuti yoga ndi kuwongola mafupa chabe sanena zonse. Sindiitanira munthu ku chipembedzo cha eni, ndipo amene mtima wake umtsutsa asachite. Koma kupuma mpweya mofatsa ndi kuima nji sikuli kwa mtundu umodzi. Kakowa wa m'mabango a Chilwa aima ndi mwendo umodzi nthawi yaitali, osagwedezeka, kufikira katemba katayandikira, ndipo sanapite ku India.

Kapena wina adzati, "Zimenezo nza anthu okhuta, ife tilibe nthawi." Pali choonadi m'mau amenewo, ndipo ndidzabwererako. Koma tayambani mwapita m'munsi mwa phiri la Zomba m'mawa, muone amuna akutsika ndi nkhuni atazisanja panjinga kupitirira mutu wao. Phiri lija liposa mamita 2,000 kutalika kwake, ndipo alendo alipira ndalama kuti akapalase m'tinjira take. Koma amunawa atsika nalo ndi katundu wakuti akapendekera pang'ono chabe munthu sangamuutsenso yekha. Muone bamboyo amene anadza kwanga, pamene adutsa pamchenga wa mumseu wa Kachulu, makilomita ngati 30 kufika ku Zomba, dengu la nsomba lili pakaliyala. Kapena nthawi ya dzinja pamene makande aterera ngati therere. Pamalo otere sathamanga. Achepetsa liwiro kufikira njinga ikhala ngati yaima, nasunga thupi lao chilili, nadutsa. Muone msodzi ataima kunsonga kwa bwato akukankha ndi mtengo, mphepo ya mwera itadzutsa madzi. Muone mai wosenza mtsuko akuoloka paulalo wa mtengo umodzi, mwana ali kumsana. Onsewa achita chimene mzungu uja achita. Kusiyana kwake nkwakuti iwo anachiphunzira ndi njala, ndipo palibe awaombera m'manja.

Chotero sindingathe kuvomera kuti kuima kotere ndi ulesi. Waulesi aima chifukwa wasiya kugwira. Uyu aima chifukwa agwira ndi thupi lonse, ngakhale woonerera saona kanthu. Ndipo ndiganiza kuti ife aphunzitsi tilakwa pamenepa, pakuti titama mwana woyamba kukweza dzanja, ndi woyamba kutsiriza masamu, koma wodekha amene alindira kufikira atamvetsa timuyesa wogona. Makolo athu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma ife tagula mawotchi, ndipo nkhono tiiponda.

Ife a kuno ku Chilwa tiyenera kudziwa zimenezi koposa ena. Nyanja yathu njosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Ilandira madzi a Domasi, a Likangala, a Phalombe, ndipo dzuwa liwamwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atagona pamatope osweka, anthu akupita ku Chisi pansi. M'zaka zotere moyo wa munthu ukhala ngati njinga imene liwiro lake latha. Pamene nsomba zinali zambiri, aliyense anaoneka wanzeru, ngakhale wakumwa ndalama zake tsiku lomwelo, pakuti liwiro la malonda linamgwiriziza. Madzi atachoka, ena anagwa msanga: anagulitsa maukonde pamtengo wa chabechabe, ena anasiya akazi ndi ana. Koma ndinaona ena amene analibe chuma choposa anzao, ndipo sanagwa. Anasoka maukonde ao, analima kadimba, anadya pang'ono, nalindira. Sindikunena kuti wogwa aliyense anali wopanda mtima, pakuti pali katundu wogwetsa ngakhale katswiri. Ndingonena kuti luso la kukhala chilili pamene sukupita patsogolo lilipo, ndipo liphunziridwa nyanja isanaphwe.

Komabe bambo uja sanalakwe konse, ndipo pano mtima wanga uli pawiri. M'masewerawa muli zinthu ziwiri zolukana: kudziletsa kumene munthu aphunzira payekha, ndi kufuna kuonedwa. Chachiwirichi chikula pamene pali makamera, pakuti anthu amene anakondwa dzulo ndi khoma lalifupi afuna lalitali lero. Martyn Ashton wa ku Britain, amene anali mmodzi wa akatswiri a masewerawa, anagwa pachionetsero ku Silverstone mu 2013, nathyoka msana, ndipo miyendo yake inafa. Mu 2015 anakweranso njinga yomkonzera mwapadera, natsika nayo phiri, ndipo yense womva mbiri yake amlemekeza chifukwa cha kulimba mtima. Koma iye anagwera pafupi ndi madokotala. Mwana wa ku Kachulu akathyoka msana kuseri kwa sukulu, adzamnyamula pa chiani kufika ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo adzamsunga ndani zaka zotsalazo? Ndiponso njinga ya MacAskill ikathyoka, ampatsa ina. Ya bambo uja itathyoka, kunyumba kwao anagona ndi phala masiku awiri. Chinthu chimodzimodzi chikhoza kukhala luso kwa uyu ndi kuba kwa uyo, chifukwa wolipira mtengo wake ndi wina.

Nanga kusewera kopanda katundu nkoipa mwa iko kokha? Sindiganiza choncho. Timenya bawo pansi pa mtengo, ndipo bawo silinabalepo thumba la mpunga. Ana athu athamangitsa mpira wa mapepala kufikira mdima. Ngati munthu ayenera kuchita zokhazo zobweretsa chakudya, ndiye kuti sasiyana ndi ng'ombe ya pangolo, imene ikamasulidwa idziwa kudya ndi kugona basi. Mnyamata uja anaona chinthu chokongola, nafuna kuti thupi lake lichidziwe, ndipo chikhumbo chimenecho sindifuna kuchipha ndi chikoti. Ndifuna kuti adziwe poyambira, ndi kuti afunse mwini wake wa njinga.

Tinapangana chotere. Mwanayo adzathandiza atate ake kusanja nsomba Loweruka lililonse kufikira mtengo wa gudumu utakwanira, miyala sadzaiyandikiranso, koma madzulo, njinga ikabwera kumsika, aloledwa kuphunzira kuima nayo pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, atate ake akuona. Dzana ndinadutsa kwao pochokera kumpunga. Ndinapeza mnyamatayo ali panjinga, lilime lili panja, ndi atate ake akuwerenga mokweza. Anafika pa 14 asanaponde pansi. Pamenepo bamboyo anati, "Choka iwe, ndikuonetse mwini wake." Anakwera, nagwira mabuleki, ndipo tisanafike pa 3 phazi linali pansi. Amai a m'nyumbamo anaseka kufikira kugwetsa lichero. Bamboyo anayang'ana njinga yao nthawi, nati, "Aphunzitsi, yapepuka. Tabamangani dengu la matemba kumbuyoku, ndiyesenso."