Akakana nsima, kodi ndi kusala kudya?

Abale ndi alongo, mtsikana akayamba kukankha mbale ya nsima timafulumira kuweruza. Wina ati ndi matama, wina ati chiwanda, winanso amuyamikira kuti ali pa fasting. Nanga mwini wake tinamufunsa?

Pa 1 Samueli 1, Hana analeka kudya. Sikunali kusala ayi. Penina, mkazi mnzake, ndiye ankamuputa mpaka kumuliza, ndipo ngakhale Eli wansembe anamuyesa woledzera. N'chimodzimodzi lero ku Kanyama kapena ku George: mwana wamasiye wokulira kwa achibale amamva tsiku lililonse kuti "umatha ufa", "wanenepa monga nkhumba". Mapeto ake amadzimana chakudya, kapena kudya mobisa n'kukasanza kuchimbudzi.

Tsono tchimo lili pa ndani? Ine ndiona kuti liyambira pa lilime lathu, osati pa mwanayo. Depression ndi matenda, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mupempherereni ndithu, koma mupitenso naye ku kiliniki, ngakhale ku Chainama. Kupita kumeneko sikutanthauza misala. Childline ndi 116, yaulere. Madzulo ano khalani naye pamphasa, mudye mbale imodzi, osamuwerengera nthongo.