Dimba la M'thumba ndi Funso la Mkulu wa ku Bvumbwe

Pakhonde la madrasa yathu kuno ku Bvumbwe paimikidwa matumba akale a feteleza motsamira chipupa. M'katimo muli dothi losakaniza ndi manyowa, ndipo m'mbali mwake mwatuluka mpiru, repu ndi anyezi. Ana ndiwo adabzala, ife tidangowaonetsa njira. Tsiku lina itatha Swala ya Asr, mkulu wina yemwe adathera unyamata wake akuthyola tiyi adaima pamatumbapo nthawi yaitali, kenaka adati: "Mwalimu, ndiwozi zakula bwino. Koma makolo athu adali ndi minda, ife tidatsala ndi tizigawo, ndipo inu mukuphunzitsa zidzukulu zathu kulima m'thumba. Kodi simukuwazoloweza kuti munthu akalandidwa phiri azithokoza akapatsidwa chitini?"

Sitidawayankhe msanga bambowa, chifukwa funso lawo lili ndi mbiri kumbuyo kwake. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, yemwe ankalamulira dziko lino m'dzina la boma la Britain, adapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu omwe adati adagula nthaka kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu ndi mikanda. Anthu okhala pamalo amenewo, kuphatikizapo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique, adayamba kulipira lendi ndi thukuta lawo pa ntchito ya thangata. Mu 1953 m'boma la Thyolo mudabuka zipolowe, ndipo nkhani ya malo idali pakatikati pake. Thangata adatha, ufulu udabwera mu 1964, koma minda ya tiyi ikadali yotambalala, pamene kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'bomali. Msika wa Bvumbwe umadyetsa Limbe ndi Blantyre ndiwo zamasamba, komabe pafupi nawo pali mabanja a m'nyumba za lendi omwe alibe ngakhale mzere umodzi wolimapo.

Inu abale athu a m'mphepete mwa nyanja nkhaniyi si yachilendo kwa inu. Mukudziwa magombe a ku Mangochi omwe adatchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo, mukudziwanso ana anu omwe akukhala m'kachipinda kamodzi ku Johannesburg kapena ku Durban. Funso la mkulu uja ndi lathu tonse. Kodi kulima m'thumba ndi kukhutira komwe chipembedzo chimayamikira, kapena ndi kugonja kovala mkanjo wa chipembedzo?

Tiyambe ndi kuvomereza kuti Chisilamu sichipeputsa nkhani ya malo. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli chenjezo loopsa la tsiku la Kiyama kwa munthu wolanda malo a mnzake, ngakhale ochepa ngati chikhatho. Khalifa Umar, Allah asangalale naye, adabweza kwa Asilamu gawo la chigwa cha Aqiq lomwe Bilal ibn al-Harith adapatsidwa koma adalephera kulilima, poona kuti nthaka siperekedwa kuti igone pamene ena akuisowa. Choncho mphunzitsi wouza ana kuti thumba lakwanira, za malo aiwale, waphunzitsa bodza. Pamenepa mkulu uja adalasa.

Koma tiyeni tiliyang'ane thumbalo bwinobwino. Timatenga thumba la makilogalamu 50, pakati pake timaimika mzere wa timiyala kuchokera pansi kufika pamwamba kuti madzi azitsika ndi kufalikira mbali zonse. Mozungulira timiyalato timathira dothi, manyowa owola bwino ndi mchenga pang'ono. Timaboola m'mbali ndi kulowetsa mbande m'mabowomo, pamwamba timabzala anyezi kapena tomato. Chigubu chodula, ndowa yobooka ndi beseni lakale nazonso zimagwira ntchito, bola pansi pakhale potulukira madzi ndipo dzuwa lizifikapo theka la tsiku. Kuno chiperoni chimatithandiza kusunga chinyezi. Kwanuko, komwe dzuwa limawotcha ndipo nthaka ndi yamchenga, muonjezere manyowa, muphimbire dothi ndi udzu wouma, ndipo thumba liime pomwe dzuwa la m'mawa limafika koma la masana silikhalitsa.

Mwana wochita zonsezi ndi manja ake amaphunzira kuti dothi limatopa ndipo limafuna kudyetsedwa, kuti mbewu yoiwalika masiku atatu imafota, kuti nsabwe za m'masamba zimabisala kunsi kwa tsamba. Akadzakula nadzamva nkhani ya malo, adzaimva ngati mlimi wodziwa mtengo wake wa nthaka. Amene sadagwirepo dothi, ngakhale mutampatsa maekala khumi, amawagulitsa mvula isanagwe kawiri. Taonapo minda ya makolo ikusinthanitsidwa ndi ndalama ya ulendo wa ku Joni. Kulandidwa malo ndi tsoka, koma kuiwala ulimi ndi tsoka lomwe limatsiriza ntchito ya wolanda uja.

Thumba limatiphunzitsanso za madzi. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankachita udhu ndi muyeso wa mudd, madzi osakwana lita imodzi. Ife timatsegula mpopi mpaka kusefukira. Pamadrasa pathu tidaika beseni pansi pa malo ochitira udhu, ndipo madzi ogweramo ndiwo amathirira matumba. M'mazihabu a Imam Shafi'i madzi otere sachitidwiranso udhu wina, koma ndi oyera, ndipo mpiru suwakana. Kasanu patsiku munthu amadziyeretsa kuti aime pamaso pa Mbuye wake, ndipo madzi omwewo amasanduka ndiwo za madzulo.

Nanga malipiro ake? Zaka ya zokolola imayamba pamuyeso wa ma wasq asanu, omwe ndi makilogalamu oposa 600, ndipo kwa Imam Shafi'i masamba sawerengedwa n'komwe. Dimba la pakhonde silidzafika pamenepo. Khomo lake ndi la sadaka. Hadisi yodziwika ya mwa Bukhari ndi Muslim imatiphunzitsa kuti chomwe Msilamu wabzala, chikadyedwa ndi munthu, mbalame kapena nyama, chimalembedwa kwa iye ngati sadaka. M'chiphunzitsocho simudatchulidwe kukula kwa munda kapena chikalata cha umwini. Mayi wa m'nyumba ya lendi wopatsa mnansi wake kamtolo ka bonongwe wa m'beseni walowa pakhomo lomwelo lomwe mwini maekala amalowera. Ngakhale nkhuku ya eni nyumba yojompha masamba, yomwe imatikwiyitsa m'mawa, yatilembetsa kanthu.

Apa ndi pomwe kukhutira kumasiyanirana ndi kugonja. Wogonja amati palibe chomwe ndingachite mpaka atandipatsa malo, ndipo amakhala pansi. Wokhutira amagwira ntchito ndi chomwe chili m'manja mwake lero, mtima wake uli phee, pakamwa pake pakunenabe choonadi kwa amfumu, kwa phungu ndi kwa aliyense wogawa malo. Dziko lonse ndi la Allah, ndipo tonse, mwini esiteti ndi wokhala pa lendi, tidangosungitsidwa kwa kanthawi. Aliyense adzafunsidwa za gawo lomwe adasungitsidwa: wina za phiri, wina za khonde.

Lachisanu lotsatira tidawapeza bambo aja atatuluka mu Juma, ndipo tidati: "Bambo, funso lanu lija lidatisowetsa tulo. Ana awa tiziwaphunzitsa thumba, koma mbiri ya minda ya makolo ife tidangoiwerenga, inu mudaiona. Bwerani mudzawauze." Adaseka pang'ono, nati aganizira. Patapita masiku adabwera, atanyamula mbewu za nkhwani m'kapepala. Adakhala pamkeka pakati pa matumba aja nayamba kufotokoza za thangata momwe adamvera kwa bambo awo, ana ali chete. Atamaliza adaitana kamnyamata kena kuti kabweretse ndowa yobooka, nakauza kuti manyowa achepa.