Duwa la Dzungu ndi Cithunzi Cace

Kuseri kwa nyumba yathu ku Chipata amai anabzala maungu m'mphepete mwa mpanda. Duwa la dzungu limatseguka m'mbandakuca, ndipo dzuwa likafika pamutu limakhala litafota, osatsegukanso. Tsiku lina m'mwezi wa Januwale ndinagwada pamame, foni iri m'manja, kuti ndilijambule. Amai anandipeza nati, "Mwananga, kodi ciluwe n'cojambula? Patuka, ndithyole ndiwo." Funso laolo landibvuta kufikira lero.

Anthu amati cithunzi cimasunga cinthu. Ine ndikana. Pa nchito yanga ya ukalaliki ndimasunga mafaelo a anthu, ndipo ndidziwa kuti faelo igwira dzina la munthu ndi tsiku limene anabwera, koma mwini wace amaturuka pakhomo napita. Cithunzi cace ca duwa ciri cimodzimodzi. Candisungira maonekedwe acikasu, koma kuzizira kwa mame ndi kulira kwa njuci zinatha m'mawa womwewo.

Kujambula sikunali kwapafupi kale. Ca m'ma 1826 Niépce wa ku France anasiya cipangizo cace pazenera maora ambiri kuti apeze cithunzi cimodzi cosaoneka bwino. Duwa la dzungu likadafota iye asanatsirize. Kamera ya Brownie, imene Kodak anayamba kugulitsa mu 1900, inafewetsa zinthu, komabe filimu yace inali ya zithunzi zowerengeka, ndipo munthu anali kuyamba waganiza asanadinde. Lero foni ilandira zithunzi mazanamazana. Ndaona anzanga akujambula mitengo ya jakaranda mu Lusaka akuyenda, maso ali pagalasi, mtengo weniweniwo osauyang'ana konse. Otere sanasunge kanthu, pakuti sanaone kanthu.

Tsono kodi amai ananena zoona? Sindibvomera msanga. Kuti cithunzi cituruke bwino ndinayenera kugwada ndi kudikira mphepo ileke, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'kudikiramo ndinaona cimene sindinacione zaka makumi atatu ndikudya maungu. Maluwawo sali amodzi. Ena ali ndi phesi lalitali loonda, ndiwo amuna. Ena ali ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwao, ndiwo akazi. Njuci inalowa m'duwa lacimuna, nituruka itadzola mungu thupi lonse, nikalowa m'lacikazi. Nchito yonseyo iyenera kucitika m'maora ocepa aja; ikalephereka, kadzunguko kamacita cikasu n'kugwa. Kamera sinandionetse izi, koma ndiyo inandigwaditsa.

Cimene cinandicititsa manyazi n'cakuti amai anazidziwa zonsezi kalekale. Pothyola ciluwe amasankha maluwa acimuna, nasiyako ena cifukwa ca njuci, ndipo lacikazi salikhudza. Alibe cithunzi ngakhale cimodzi, koma m'mawa uliwonse amadziwa limene latseguka ndi limene lagwira. Ine ndinafuna kuti duwa lisafote. Iwo anali kuyembekeza kuti lifote, pakuti likapanda kufota dzungu silikula.

Tsiku lomwelo masana tinadyera nsima duwa limene ndinajambula, lotendera nsinjiro, popeza linali lacimuna. Lacikazi lija linabala dzungu limene tinaphika mu Epulo. Cithunzi cikali m'foni, ndipo ciyambire ndaciyang'ana kawiri.