Mfundo Zofunika Zimene Madzi Atsopano Amatiphunzitsa

Ife a ku Mangochi timayesa kuti madzi timawadziwa. Tinabadwira m'mbali mwake, timasambamo, timachapamo, ndipo ndiwo zathu zimachokera mommo. Koma munthu akakumba dziwe lake la nsomba, kapena akadzaza madzi m'thanki yagalasi kuti awetemo mbuna, sachedwa kuzindikira kuti anali mlendo. Madzi amene dzulo anali mbee lero amera zinthu zomwe iye sanadzale, ndipo mukuyenda tizilombo tomwe sanaikemo. Ichi n'chiyani? Ndichichotse kapena ndichileke? Ngakhale anzathu a ku Durban ndi ku Johannesburg amene amaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'nyumba zawo amaima pagalasi ndi mafunso omwewa. Tiyeni tiime nawo pamenepo, abale, tisinkhesinkhe limodzi.

1. Madzi oyera sindiwo madzi okhwima. Tsiku loyamba thanki imawala, ndipo mtima umati thira nsomba lero lomwe. Ambiri amene amamvera mtima pamenepa amatola mitembo sabata isanathe. Chifukwa chake n'chakuti nsomba ikamapuma ndi kuchita chimbudzi imatulutsa amoniya, yemwe ndi poizoni wotentha ziwalo zake zopumira. M'nyanja amoniyayu sachuluka chifukwa pamiyala ndi mumchenga mumakhala mabakiteriya omusandutsa nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenaka mabakiteriya ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savuta kwambiri ndipo zomera zimamudya. M'thanki yatsopano antchito amenewa mulibe. Kuti achulukane pamiyala ndi m'sefa pamapita masabata 4 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyi maso athu saona chilichonse chikuchitika. Kodi si momwemonso ndi banja latsopano, mpingo watsopano, gulu la banki m'khonde limene langoyamba kumene? Kunja zonse zimaoneka zokonzeka, koma zimene zimasungunula mawu owawa, monga kukhulupirirana ndi kukhululukirana, zimakhala zisanamere. Tikasenzetsa chinthu chanthete katundu wa chinthu chokhwima, tisadzanene kuti chinali choipa. Ife ndife amene tinafulumira.

2. Chonyansa m'maso chikhoza kukhala nkhokwe ya moyo. Pakapita sabata imodzi kapena masabata awiri, pagalasi ndi pamchenga pamagwa fumbi lofiirira ngati dzimbiri. Ukapitapo ndi chala limachoka, mawa labweranso. Mwini thanki amakhumudwa, n'kuyamba kufunafuna mankhwala. Komatu fumbi limeneli ndi ndere yaing'ono kwambiri yotchedwa diatom, imene imamanga chigoba chake ndi silika wa m'madzi ndi mumchenga. Silikayo akachepa, yokha imazilala, ndipo ndere yobiriwira imalowa m'malo. Oweta nsomba za m'madzi amchere amadutsa m'nyengo yomweyi, ndipo amene adziwa amangopukuta galasi n'kudikira.

Ife sitiyenera kuchita kuuzidwa ndi alendo za ulemu wa ndere. Tapitani ku Otter Point kapena pachilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, muviike nkhope m'madzi. Mwala uliwonse wavala ndere yoterera, ija imatigwetsa tikamatsika m'bwato, ndipo pandere imeneyo pali piringupiringu wa mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere. Mkati mwa ndereyo mumabisala timphutsi ndi tizilombo tina tosaoneka bwino ndi maso, ndiye kuti mwala umodzi ndi munda ndi khola pamodzi. Chodabwitsa n'chakuti aliyense amadya mwa njira yake. Labeotropheus ali ndi mphuno yonenepa ndi kamwa loyang'ana pansi, amapala mwala atagona nawo chafufumimba. Petrotilapia ali ndi milomo yodzaza timano tambirimbiri, amapesa ndere n'kutengamo zomasuka zokha, mizu n'kuisiya. Tropheops amaluma ulusi wa ndere n'kuudzula mogwedeza mutu. Nsomba zimenezi n'zimene zinachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndi kuti UNESCO iike malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona mitundu yowala, koma mitundu yonseyo yaima pa chinthu choterera chimene palibe amachijambula.

Ndi angati m'midzi mwathu amene ali ngati ndere imeneyi? Mayi wosesa patchalitchi kapena pamzikiti anthu asanafike, mnyamata wosoka ukonde padoko, agogo olera ana amasiye osatchulidwa pamsonkhano uliwonse. Tisanapale chimene chikutinyansa, tiyambe taona amene akudyapo.

3. Chabwino chikapyola muyeso chimapha. Mlimi wa nsomba amafuna madzi obiriwira. N'chifukwa chake akakumba dziwe amathiramo manyowa a nkhuku kapena a mbuzi, kuti ndere yoyandama ichuluke, makumba ndi chambo zipeze chakudya. Alangizi amatiphunzitsa muyeso wosafuna ndalama: viika mkono mpaka m'chigongono. Ukaona chikhatho bwinobwino, madzi ali ndi njala, onjezera manyowa. Chikhatho chikazimirira mkono usanalowe n'komwe, wapyoza, leka kuthira ndipo ulowetse madzi atsopano. Ndere imatulutsa okosijeni dzuwa likamawala, koma usiku nayonso imapuma ngati ife. Ikachulukitsa imamaliza mpweya wonse kusanache, ndipo mbandakucha umapeza nsomba zili yasa! kukamwa pamwamba pa madzi. Nthawi zina pamayala chiphimba chonga utoto wobiriwira, chonunkha chithaphwi. Chimenecho si ndere yeniyeni koma mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, ndipo ena mwa iwo amatulutsa poizoni wodwalitsa ziweto ndi anthu. M'thanki yagalasi amaoneka ngati nsalu yoterera yofiira kapena yobiriwira moderako, yosendeka yonse pamodzi.

Taonani kumene vutoli limachokera: m'dzanja la mwini dziwe, amene chifukwa chokonda nsomba zake amathira madeya ndi manyowa osaleka. Sindikunena kuti tikhale ouma manja, ayi. Koma kholo limene silidziwa kunena kuti basi, mtsogoleri amene amangolandira matamando tsiku ndi tsiku, wamalonda amene phindu lamuyanja mpaka waiwala kupuma, onsewa madzi awo amaoneka achonde masana. Kodi timadzukako m'mamawa kukaona mmene a m'nyumba mwathu akupumira?

4. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akuluakulu ananena mwambiwu pophunzitsa kuleza mtima, koma kuno kunyanja uli ndi ntchito yeniyeni, pakuti nkhono zina zimatisungira matenda. Dziwe likangokhazikika nkhono zimafika zokha, zina pamizu ya zomera, zina kudzera m'ngalande. Munthu wopupuluma amaziona zonse ngati chimodzimodzi. Wodekha amatola imodzi, n'kuiika pachikhatho nsonga itayang'ana kumwamba, n'kuiyang'anitsitsa. Ija yaitali yosongoka, yotchedwa Melanoides, imene imadzaza mumchenga, sifalitsa likodzo. Imangodya zinyalala zapansi. Koma kaja kakang'ono kobulungira, kachigoba kopyapyala kopanda chitseko, kamene khomo lake lili kumanzere, n'kamtundu wa Bulinus, ndipo n'kamene kamalera tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo. Palinso kena kophwatalala kozungulira, Biomphalaria, kosunga likodzo la m'matumbo. Ofufuza anakapeza m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi mu 2017, pamalo pamene kale sikankadziwika, ndipo pambuyo pake anapeza matendawa mwa ana asukulu.

Komabe tisafulumire kuweruza nkhono. Iyo siibadwa ndi likodzo. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa m'nkhono, timachulukana, kenaka timatuluka kukaboola khungu la mwana amene akusambira kapena mayi amene akutsuka mbale. Nkhono imangotibwezera chimene taipatsa. Mankhwala a praziquantel amene ana amalandira m'masukulu amachiza ndithu, koma mwana wochira akabwerera m'madzi omwewo matenda amamupezanso.

Nkhani ya kumudzi wa Chembe ku Cape Maclear njofunika kuti aliyense aidziwe. Nyanja inali ndi alonda ake, nsomba zodya nkhono monga Trematocranus placodon, imene ili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi kwake. Jay Stauffer wa ku Penn State University ndi anzake, amene anakhala akuwerenga nsomba m'dera limeneli kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti nsombazi zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'mphepete, nkhono ya Bulinus nyassanus inachuluka pamchenga wa poyera, ndipo likodzo linakula pakati pa anthu. Msodzi amene ankakoka khoka lake sankafuna kudwalitsa mwana wa munthu. Ankafuna ndiwo, ndipo njala siinama. Koma chosankha chake chinayenda pansi pa madzi n'kukatulukira m'thupi la mwana wake yemwe. Kodi ife tikugwetsa alonda ati lero, m'mabanja ndi m'midzi, chifukwa chakuti ntchito yawo sitikuiona?

5. Bwenzi ndi mdani onse amabwera ali aang'ono. Tungani madzi a m'dziwe m'botolo loyera, muliimike padzuwa. Mudzaona timadontho toyera tikudumphadumpha. Musaope, timeneto ndi tizilombo tamtundu wa nkhanu, chakudya choyamba cha ana a nsomba. Oweta nsomba za m'madzi amchere akationa pagalasi usiku amakondwera, chifukwa ndi chizindikiro chakuti thanki yayamba kukhala ndi moyo. M'nyanja yathu ndi timene usipa umadya. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira umakankhira madzi apamwamba kumpoto, madzi apansi achonde n'kukwera kuno kummwera. Ndere imachuluka, tizilomboti timachuluka, usipa n'kudzaza pamathandala. Koma m'botolo lomwelo mukhoza kupezeka kachilombo kofiirira ka miyendo 6, kokhala phee pansi ngati kachitsotso. Ameneyo ndi mwana wa tombolombo, ndipo ali ndi chibwano chimene amachiponya kutsogolo n'kugwira kansomba kakang'ono m'kuphethira kwa diso. Onsewa ndi aang'ono, onsewa ndi achete. Zizolowezi zathunso zimalowa chomwecho: moni wa m'mawa ndi kabodza kakang'ono zimayamba pa msinkhu umodzi, ndipo nthawi yabwino yozisiyanitsa ndi pamene zikadakwana m'botolo.

6. Kufunsa sikuchotsa ulemu. Palibe amene anabadwa akudziwa mayina onsewa. Tili ndi alangizi a zausodzi m'boma lathu lino, tili ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe, tili ndi ofufuza za nsomba ku Monkey Bay. Tilinso ndi asodzi achikulire amene akangoyang'ana mtundu wa madzi amadziwa kumene kwagona utaka. Nyamulani botolo lanu mupite nalo. Safunsa anadya phula, ndipo wothira mankhwala m'dziwe asanafunse amapha bwenzi ndi mdani tsiku limodzi.

7. Chimene tatayira m'madzi sichibwerera m'manja. Mbuna zimakonda kwawo. Siziwoloka mchenga waukulu kapena madzi akuya, n'chifukwa chake chilumba chilichonse chili ndi mitundu yakeyake, ina yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. M'zaka za m'ma 1960, pamene malonda otumiza nsomba zokongola kunja ankayamba, nsomba zina zogwidwa kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pachilumba cha Thumbi ku Cape Maclear. Imodzi mwa izo inali Cynotilapia afra. Amene anakhuthula chidebecho mwina ankaona ngati akuchita chifundo: nsomba ya m'nyanja waibwezera m'nyanja, cholakwika n'chiyani? Koma mlendoyo anakhazikika, anafalikira kuzungulira chilumba, ndipo ofufuza anadzapeza kuti wayamba kuswana ndi mbuna za pomwepo, n'kubala ana osakanizika. Namasupuni nayenso ndi mlendo: kwawo ndi ku South America, ndipo anayendayenda m'maiko chifukwa cha duwa lake lokongola. Lero amatseka madoko mumtsinje wa Shire ndi kuvutitsa makina opangira magetsi ku Nkula.

Ifenso tili ndi zidebe zathu. Mphekesera imene tainong'oneza padoko, chithunzi chimene tatumiza pa WhatsApp tili ndi mkwiyo, dzina loipa limene tamupatsa mwana wa mnzathu: tikangopendeketsa chidebe, zimasambira kupita kumene sitingazitsatire. Choncho thanki ikatikwana, nsomba zake tipatse mnzathu woweta kapena tikafunse alangizi, osati kukazikhuthulira kunyanja. Mbewu ya nsomba yoika m'dziwe tigule kwa anthu odziwika, ikhale ya mitundu yathu monga makumba, chilunguni ndi chambo, pakuti mvula ikakula dziwe limasefukira mumtsinje, ndipo mitsinje yathu yambiri kuno imathera m'nyanja, mu Shire kapena ku Malombe.