Kodi Lumbiro la Kholo Limanga Adzukulu?

M'dziko la Mongolia, pakati pa mapiri a Khentii, pali phiri lotchedwa Burkhan Khaldun. Mbiri yakale ya anthu akumeneko isimba kuti Temujin, amene analongedwa ufumu m'chaka cha 1206 natchedwa Chinggis Khan, anabisala m'nkhalango ya phirilo akali mnyamata, pothawa adani a mtundu wa Merkit. Adaniwo atalephera kumpeza, iye anatsika, navula chisoti, nakoleka lamba wake m'khosi, nagwada kasanu ndi kanayi moyang'ana dzuwa, nalumbira kuti adzapereka nsembe kwa phirilo m'mawa uliwonse, ndi kuti adzukulu a adzukulu ake adzatero. Mkazi wake Börte, amene anatsala wopanda kavalo, anagwidwa ndi adaniwo. Iyeyo phiri silinampulumutse.

Tsono kodi munthu angathe kumanga ndi lumbiro lake ana amene sanabadwe?

Nzeru ikana, pakuti lumbiro lituluka mumtima wa mwini wake, ndipo palibe angalumbire ndi mtima wa wina. Koma a Mongol analisunga. Pamwamba pa mapiri ndi pa mipata yake amaunjika miyala, mulu umene autcha ovoo. Wapaulendo auzungulira katatu, naponyapo mwala, namangirirapo kansalu kobiriwira ngati thambo, nawaza mkaka. Ambiri satchula dzina la phiri akaliyandikira, monga mwana satchula dzina la atate wake.

Boma la chikomyunizimu linaletsa miyambo imeneyi, ndipo kuyambira 1937 linagwetsa nyumba za amonke a Chibuda mazanamazana ndi kupha amonke zikwizikwi. Komabe abusa a ziweto anaponyabe miyala mobisa. Ulamulirowo utatha mu 1990, pulezidenti Ochirbat analamula mu 1995 kuti boma lenilenilo lizichita mwambo wolemekeza Burkhan Khaldun, Bogd Khan ndi Otgontenger.

Chimene chinapirira zaka zonsezo si mawu a Temujin ayi, koma ngongole. Mitsinje ya Onon, Kherlen ndi Tuul ichokera m'mapiri a Khentii, ndipo mbusa amene amwetsa nkhosa zake m'menemo walandira moyo kumene kholo lija linaulandira. Phiri lilibe makutu akumva pemphero, nzoonadi; koma mwambo woletsa kudula mitengo, kusaka nyama ndi kukumba nthaka pa malo oyerawo wasunga akasupe, kotero kuti mdzukulu woyamika sachita kukakamizidwa ndi wakufa. Abweza pa zimene wamwa yekha.

Chovuta nchakuti cholowa sichibwera chopetapeta. Mankhusu ali momwemo. Pa mapiri ambiri opatulika akazi saloledwa kufika pansonga, ngakhale ndiwo akama mkaka wa nsembeyo. Lamulo limeneli ngongole ya madzi silingathe kulifotokoza, pakuti mkazi amwa mtsinje womwewo. M'chaka cha 2015 bungwe la UNESCO linalemba Burkhan Khaldun m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, koma ana aakazi a Börte aimabe m'munsi.